Kuyeza Mowa mu Mpweya ndi m'Magazi

Woyendetsa galimoto akaganiziridwa kuti waledzera, apolisi amamuuza kuti auzire mpweya m'kachipangizo kotchedwa breathalyser, kamene Robert Borkenstein adakapanga ku America m'chaka cha 1954. Mowa umene munthu wamwa umalowa m'magazi, ndipo magaziwo podutsa m'mapapo, mowa wina umatuluka ndi mpweya. Kuno ku Malawi malire ake ndi mamiligalamu 80 m'mamililita 100 a magazi.

Mlandu ukafika kukhoti, maloya kawirikawiri amatsutsa muyeso umenewu, ndipo nthawi zina amanena zoona. Munthu akangomeza kumene kachasu, kapena akageya, mowa umatsalira m'kamwa, motero chipangizo chimaonetsa wochuluka kuposa umene uli m'thupi. Nchifukwa chake woyeza ayenera kudikira mphindi 15 kapena 20. Chipangizochonso chifunika kuchiunika pafupipafupi, monga tichitira ndi sikelo yoyezera ana kuchipatala.

Magazi nawo afuna chisamaliro. Pobaya, khungu lisapukutidwe ndi sipiriti. Magazi akasungidwa potentha opanda mankhwala a sodium fluoride, tizilombo tingasandutse shuga wake kukhala mowa, monga thobwa lisasira mumtsuko.

Komabe zolakwika zotere zimadza pamene woyeza sanasamale; sizisonyeza kuti woyendetsayo anali bwino. Maso ndi manja zimayamba kuchedwa muyeso usanafike 80, ndipo dziko la Scotland lidatsitsa malire kufika pa 50 m'chaka cha 2014. Musanyengedwe ndi khofi kapena madzi ozizira osamba. Chiwindi ndicho chimachotsa mowa, pafupifupi mamiligalamu 15 okha pa ola.