MUSATAYE TEPI YA KALE KAAMBA KA ZITHUNZI ZOPINDIKA

Wolemba Mtolankhani Wathu, Lusaka

M'nyumba zambiri za muno mu Lusaka ndi kumidzi komwe muli masutukesi ndi makatoni m'mene mwagona matepi a vidiyo ojambulidwa zaka makumi atatu kapena anai zapitazo. M'matepi amenewa muli maukwati, maliro a mafumu, ndi miyambo yathu monga Nc'wala ya ku Mtenguleni, imene inatsitsimutsidwa mu 1980, ndi Kulamba kwa ku Mkaika. Ambiri mwa anthu ooneka m'menemo anatisiya kale, ndipo mau ao ndi nkhope zao zinatsala pa tepi pokha.

Mwezi wathawu azakhali anga a ku Katete ananditumizira pa basi tepi ya ukwati wa atate aang'ono umene unacitikira ku Kabwata mu 1993. M'tepi imeneyi muli malemu agogo athu akulangiza akwati. Ndinaipereka kwa mnyamata wina wa m'tauni kuti asamutsire zithunzizo mu kompyuta, ndipo ndinalipira. Koma nditafika kunyumba ku Chelstone ndinapeza kuti mitu ya anthu yapendekera mbali imodzi, mizere yoyera ikudutsa pakati, ndiponso mau a agogo akumveka pakamwa pao patatsekeka kale. Mnyamatayo anati tepi inafa.

Safunsa anadya phula. Ndinapita kwa mkulu wina wa ku Kabwata amene wakhala akukonza mawailesi a kanema kwa zaka zambiri. Iwo sanagwire kompyuta ai. Analumikiza makina oseweretsa tepi ku wailesi ya kanema ya kale ija ya cimsana, ndipo mitu ya anthu inaongoka. Apa tinadziwa kuti tepi inali yamoyo, colakwa cinali kwina.

NTHAWI IKUTHA

Makina a VHS anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya JVC ku Japan mu 1976. Pambuyo pace kunabwera matepi aang'ono a m'makamera a m'manja: VHS-C mu 1982, Video8 ya kampani ya Sony mu 1985, ndi Hi8 mu 1989. Mabanja opeza bwino a ku Kabulonga ndi ku Woodlands anali kudzigulira makamera ao, pamene aphunzitsi ndi anchito a Boma a ku Kabwata ndi ku Chelstone anali kulemba ganyu munthu wa kamera pa tsiku la ukwati.

Tsopano makina amenewa sapangidwanso. Kampani ya Funai, imene inatsala yokha kupanga makina a VHS, inaleka mu July 2016. Mu 2019 bungwe la UNESCO linacenjeza maiko kuti makina ndi zitsulo zokonzera zikusowa, kotero kuti pofika ca m'ma 2025 kusamutsa matepi kudzakhala kobvuta kwambiri. Amene ali ndi tepi asanene kuti adzaona caka ca mawa.

MMENE TEPI IMASUNGIRA CITHUNZI

Tepi ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki wopakidwa ufa wa maginito. M'kati mwa makina muli cigubu ca citsulo cimene cimazungulira maulendo 25 pa sekondi imodzi, ndipo pa cigubuco pali timitu ting'onoting'ono timene timalemba mizere yopendeka pa lambayo, monga mizere ya m'munda. Posewera tepi, timituto tiyenera kuyenda m'mizere yomweyo monga ng'ombe zitsata mzere polima. Zikaphonya pang'ono cabe, cithunzi cimaonongeka.

Cotero cithunzi cikaipa pali zinthu zitatu zoyenera kuzikaikira: tepi yeniyeniyo, makina oseweretsa, ndi kabokosi kolumikizira ku kompyuta. Njira yodziwira ndi yomwe ija ya mkulu wa ku Kabwata. Yambani mwaonera pa wailesi ya kanema popanda kompyuta. Kenaka yesani tepi ina m'makina omwewo, ndiponso tepi yomweyo m'makina ena.

ZIZINDIKIRO NDI MANKHWALA ACE

Mizere yoyera yopingasa imene imakwera kapena kutsika imasonyeza kuti timitu taphonya mzere. Pa makina a VHS pali batani lolembedwa kuti "tracking". Lisintheni pang'onopang'ono kufikira mizereyo itacoka. Ngati kamera imene inajambula tepiyo ikalipo ndipo ikugwira nchito, yambani ndi imeneyo, pakuti imadziwa mizere yace. Izi nzofunika makamaka pa matepi ojambulidwa pa liwiro locedwa la LP, limene anthu anali kukonda pofuna kuti tepi imodzi ikwane tsiku lonse la ukwati.

Kupindika kwa cithunzi kumwamba, kapena kugwedezeka kwa zipupa ndi mitengo ngati zili m'madzi, kumabwera kaamba ka kutamuka kwa tepi ndi kusayenda mofanana kwa makina okalamba. Cithunzi ciri conse ciri ndi mizere 625, ndipo mizereyo ikamafika ina mofulumira ina mocedwa, wailesi ya kanema ya kale inali kupirira, koma kabokosi ka kompyuta kochipa kamasokonezeka. Mankhwala ace ndi cipangizo cochedwa TBC cimene cimafoletsa mizereyo isanalowe mu kompyuta. Makamera ena a Hi8 ndi Digital8 ali naco m'kati, ndipo makina ena ojambulira DVD amathandizanso mukadutsitsa cithunzi mwa iwo. Kabokosi kakamataya zithunzi zina panjira, mau ndi pakamwa zimasiyana, monga zinacitikira pa tepi yathu.

Cithunzi cikadzala timadontho toyera ngati matalala, kapena cikasowa mau okha nkumamveka, kawirikawiri timitu tatsekeka ndi litsiro. Musalowetsemo thonje, palafini kapena mafuta a makina osokera. Timitu timeneti timathyoka msanga ndipo tatsopano sitipezeka. Perekani makinawo kwa wodziwa, amene amapukuta ndi spiriti yoyera ya isopropyl.

Cithunzi cikataya mitundu nkukhala cakuda ndi coyera, kapena cikamagubuduka, funsani kumene tepi inajambulidwa. Kuno ku Zambia, monganso ku Britain ndi ku South Africa, matepi anali a dongosolo la PAL, la zithunzi 25 pa sekondi. Matepi ocokera kwa abale a ku America ndi a NTSC, a mizere 525 ndi zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi. Makina ndi kompyuta ziyenera kucheredwa pa dongosolo la tepiyo.

Mkanda waukulu wakuda umene umakwera pang'onopang'ono pamodzi ndi kulira kwa "mmm" ndi bvuto la magetsi kapena la nthambo zotha. Sinthani nthambo, ndipo makina onse atenge moto pa malo amodzi.

Pali zina zimene si matenda. Kamzere kothothoka ka pansi penipeni pa cithunzi kamakhalapo pa tepi iri yonse. Mawailesi a kale anali kukabisa m'mphepete. Anthu akaoneka onenepa ndi aafupi, ndiye kuti wosamutsayo watambasula cithunzi ca 4:3 kuti cidzaze kanema wamakono wa 16:9. Muuzeni acibweze mwakale.

TEPI YODWALA

Musanaseweretse tepi, yang'anani pa kagalasi kace. Mukaona ufa woyera pa lamba, imeneyo ndi nkhungu, imene ena amati cuku, yobwera ndi cinyontho ca nyengo ya mvula. Tepi yotere isalowe m'makina isanapukutidwe ndi katswiri, cifukwa imatseka timitu, imaduka, ndiponso imapatsira matepi ena. Tepi ikamalira kapena kumamatira, imitsani pomwepo.

Makina amene akhala zaka osagwira nchito amatafuna matepi cifukwa malamba ace a mphira anaola. Yesani coyamba ndi tepi yopanda pace. Thyolani kakhutu ka kumbuyo kwa tepi ya VHS, kapena tsekani kabatani kofiira ka pa Video8, kuti wina asajambulepo zina mwangozi. Kumbukiraninso za kuzima kwa magetsi, kumene kunasautsa Lusaka mu 2024 madzi atacepa ku Kariba: magetsi akazima pakati pa nchito, tepi imatsala yokoledwa m'makina. Musaikoke ndi manja.

KWA INU A KUMIDZI

Potumiza tepi ku Lusaka, ikulungeni m'pepala ndi m'pulasitiki, ndipo ipatseni munthu wodalirika amene sadzaisiya padzuwa kapena pafupi ndi zokuzira mau. Lembani pa cikuto maina, mudzi ndi caka. Wonyamulayo apemphe kuona mphindi zisanu zoyamba asanalipire. Adziwenso kuti tepi ya E-180 imatenga maola atatu athunthu. Wolonjeza kutsiriza m'kanthawi kocepa afunsidwe bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nchito ikatha, tepi ibwerere kwa eni ace, pakuti mwina padzapezeka makina abwino koposa. Isungeni coimirira, m'cikuto cace, pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi denga la malata. Zithunzi zosamutsidwazo zisungidwe pa malo awiri kapena atatu, kwa abale osiyanasiyana. Zotumizirana pa WhatsApp nzabwino kuonera cabe, koma zimafika zitacepetsedwa ubwino wace.

Tepi yathu tinaisamutsanso kupyolera m'makina a mkulu uja. Mizere ina yoyera inatsala pamene lamba anakwinyika, ndipo imeneyo sidzacokanso. Koma agogo akuoneka ali cilili, ndodo m'manja, ndipo malangizo ao akumveka onse. Azakhali ku Katete aitana adzukulu kudzaonera pa kanema wa sola, ndipo ana obadwa agogowo atamwalira amva okha kuti mau a akuluakulu akoma akagonera.