Kusunga mawu ojambulidwa

Munthu akayimba, mawu ake amamveka, kenako amatha. Koma pali makina ogwira mawu. Kugwira mawu ndi makina ndiko kujambula.

Kale anthu ankajambula mawu pa tepi ya kaseti. Lero amajambula pa foni kapena pa kompyuta. Oyimba amajambula nyimbo. Anchito a pa wailesi amajambula nkhani. Adzukulu amajambula nthano za agogo awo.

Kujambula nyimbo ndi nchito yayikulu. Mawu a woyimba amajambulidwa pawokha. Ng'oma nazo zimajambulidwa pazokha. Kenako wojambula amaphatikiza zonse mu kompyuta. Nchito imeneyi imatenga masiku ambiri.

Koma mawu ojambulidwa amatha kutayika. Tepi imawonongeka ndi dzuwa. Ikakhala pa cinyezi, imacita nkhungu. Foni imagwera m'madzi kapena imabedwa. Kompyuta imafa. Nthawi zina munthu amafufuta mawu mosadziwa. Ngati agogo amene ananena nthano aja anamwalira, mawu awo sadzamvekanso.

Moto nawo umawononga. Pa 1 Juni 2008, moto unabuka ku Universal Studios, ku Hollywood, m'dziko la Amereka. Unatentha nyumba yosungiramo matepi. Matepi ambirimbiri a oyimba ochuka anapsa tsiku limodzi, cifukwa anali m'nyumba imodzi.

Mlimi wanzeru sasunga mbewu yake yonse pamodzi. Ina amapacika kudenga, pamwamba pa moto. Ina amamanga m'cikwatu. Ina amasungitsa kwa mbale wake. Anankafumbwe akadya ina, ina imatsala. Mvula ikagwa, iye amabzala ndithu.

Wojambula mawu nayenso amacita ngati mlimi. Iye amakopera mawu ake. Kukopera ndi kupanga cina cofanana ndi coyamba. Cimene capangidwaco ndi kope. Akatswiri amaphunzitsa lamulo la manambala atatu: 3, 2, 1.

3: Makope akhale atatu.

2: Makopewo akhale pa zipangizo za mitundu iwiri, monga kompyuta ndi fulashi.

1: Kope limodzi likhale kutali, kwa mbale kapena pa intaneti.

Kope la kutali ndi lofunika kwambiri. Nyumba ikapsa kapena madzi akasefukira, kope limenelo limapulumuka.

Wojambula wosamala sadikira kuti nyimbo ithe. Amakopera tsiku lililonse akaweruka. Amakopera zidutswa zonse, mawu ndi ng'oma zomwe. Amalemba dzina la nyimbo, dzina la woyimba, mudzi ndi tsiku. Kenako amamvetsera kope lija kuti adziwe ngati likumveka bwino. Akatero amaliyika pamalo owuma, opanda dzuwa.

Panali bambo wina dzina lake Hugh Tracey. Iye anayenda m'mayiko ambiri a mu Afirika kujambula nyimbo za makolo. M'zaka za m'ma 1940 anajambula timbila za Achopi, kumwera kwa Mozambique. M'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo za Cinyanja ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Mu 1954 anatsegula nyumba yosungira nyimbozo, dzina lake International Library of African Music. Lero nyumbayi ili ku Makhanda, ku South Africa. Nyimbo zambiri anazikopera pa mbale za galamafoni, ndipo mbalezo zinapita kumayiko ena. Patapita zaka, anchito a m'nyumbayi anazikoperanso mu kompyuta. Hugh Tracey anamwalira mu 1977, koma nyimbo zija zikumvekabe.

Banja lililonse lingathe kucita zomwezi. Mwana akajambula nthano ya agogo, amawuza mayi kapena bambo. Iwo amatumiza nthanoyo ku foni ya amalume, ndipo kope lina amasungitsa kwa aphunzitsi. Foni imodzi ikatayika, mawu a agogo amakhalapobe.

Mafunso

1. Kodi tepi imawonongeka ndi ciyani?
2. Kodi makope ayenera kukhala angati?
3. Cifukwa ciyani kope limodzi liyenera kukhala kutali?
4. Funsani agogo kapena azakhali kumene amasunga mbewu yawo. Jambulani cithunzi ca malowo.