Zoyenera kuyang'ana pogula kompyuta yotsika mtengo yokonzera zithunzi ndi kusewera magemu

Nyengo yogulitsa mbatatesi, soya ndi chimanga ikafika ku Angónia ndi Tsangano, mabanja ena amapatula ndalama zogulira mwana kompyuta. Amafuna kuti azikonzerapo makadi a ukwati ndi zikwangwani za masitolo n'kumapeza kangachepe, ndipo popuma azisewera magemu a mpira monga eFootball. Koma wogula akangotengeka ndi maonekedwe, thukuta la chaka chonse lingathere pa makina olephera ntchito zonse ziwirizi.

Choyamba ndi purosesa, womwe ndi ubongo wa kompyuta. Ambiri amakopeka ndi chizindikiro cha "Core i7", osafunsa kuti ndi ya liti. Nambala yoyamba, kapena manambala awiri oyamba pa mapurosesa atsopano, pambuyo pa kamzere ndiwo amaulula m'badwo wake. Core i7-3520M ndi ya m'badwo wa 3, ya 2012, ndipo imaposedwa mphamvu ndi Core i5-8250U ya m'badwo wa 8, yomwe inatuluka mu 2017. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel yoyambira m'badwo wa 8, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Chachiwiri ndi RAM. Isachepere 8 GB, apo ayi Photoshop kapena CorelDRAW izingoima ntchito ili mkati. Ndi bwino kufunsa ngati ingadzawonjezeredwe kufika 16 GB chaka chamawa. Posungira zinthu pakhale SSD ya 256 GB kapena kuposa, chifukwa hard disk yakale imachedwa ngakhale itakhala yaikulu.

Magemu amadalira kwambiri khadi ya zithunzi. Yonga NVIDIA GTX 1650 ya 4 GB imakwanitsa magemu ambiri, koma imakweza mtengo. Ndalama zikaperewera, AMD Ryzen 5 yokhala ndi Radeon m'kati mwake imathandiza pa magemu opepuka. Wokonza zithunzi afunenso sikirini ya IPS, yomwe sisintha mitundu munthu akaiyang'ana cham'mbali.

Magetsi nawonso ndi nkhani. Kompyuta ya patebulo imakhala ndi mphamvu zambiri pa mtengo womwewo ndipo savuta kukonza, koma imadya Credelec ndipo imazima pomwepo magetsi a EDM akathima. Kumudzi kodalira sola, laputopu ndiyo yoyenera.

Ogula ku Malawi podzera pa chipata cha Calómuè akumbukire kuti pulagi ya kumeneko ndi ya mano 3 ndipo kiyibodi yake nthawi zambiri ilibe zilembo za Chipwitikizi monga ç. Asunge risiti yoonetsa ku Alfândega.

Kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito iyatsidwe wogula akuona. Aichotse kumagetsi kuti aone mphamvu ya batire, ayese mabatani onse, ndi kutsegula gemu kwa mphindi zingapo. Ikatentha kwambiri kapena kuzima yokha, ndalama zibwerere m'thumba.