Kodi mumadziwa? Bondo limatha kutupa chifukwa cha matumbo

Kodi mumadziwa kuti matenda a Crohn ndi ulcerative colitis, omwe amatupitsa matumbo ndi kuchititsa zilonda, sathera m'mimba mokha? Kunja kwa matumbo, malo amene amavutika kwambiri ndi molumikizana mafupa. Munthu amangoti ndi nyamakazi, osaganizako kuti ikugwirizana ndi kutsegula m'mimba kwa magazi komwe wakhala nako miyezi.

Mu 1998, madokotala a ku Oxford, Orchard, Wordsworth ndi Jewell, anagawa vutoli pawiri. Mtundu woyamba umagwira malo osakwana 5, makamaka mawondo ndi akakolo, ndipo umabuka matumbo akavuta, n'kuzizira matumbo akakhala bata. Wachiwiri umagwira malo 5 kapena kuposa, kawirikawiri zala za m'manja, ndipo suyendera matumbo: mimba ili phee, zala zikuwawabe.

Nanga mumadziwa kuti sikani yomwe amaunikira amayi oyembekezera imaonanso zimenezi? Mwachitsanzo, pofuna kuona mtsempha wa kuchidendene, adokotala amapaka mafuta oterera kumbuyo kwa chidendeneko, n'kukanikizapo kachipangizo kotumiza mawu oti khutu la munthu silingamve. Mafutawo si okometsera ayi, amachotsa mpweya umene ungatchinge mawuwo. Pa sikirini, mtsempha wabwino umaoneka ngati ulusi woyera wondondozana. Mtsempha wodwala umanenepa, n'kuchita mdima pamene wagwira fupa. Akayatsa mbali ya sikaniyo yotchedwa Doppler, timadontho tofiirira timathwanima pomwe magazi akuthamangira chifukwa cha kutupa. Dzinali ndi la Christian Doppler wa ku Austria, amene anafotokoza mfundo yake mu 1842.

Chodabwitsa n'chakuti sikani imapeza kutupa kotereku ngakhale mwa odwala amene sanadandaulepo ululu. Koma si chithunzi chilichonse chimene chikutanthauza matenda: othamanga, okalamba ndi onenepa nawonso mitsempha yawo imasintha maonekedwe.

Mawu a sikani sadutsa fupa, choncho msana ndi mafupa a m'chiuno amaziunika bwino ndi sikani ina yotchedwa MRI.

Zonsezi n'zofunika chifukwa cha mankhwala. Brufen ndi diclofenac, omwe ambiri timathamangira bondo likawawa, amatha kudzutsa zilonda za m'matumbo. Infliximab ndi adalimumab amathandiza matumbo ndi mafupa omwe, pomwe etanercept amathandiza mafupa koma kwa matenda a Crohn sagwira ntchito.