Munthu Ayesedwa Asanagule Mfuti

Mwini sitolo wa mu Kanyama amene akuba amthyolera citseko usiku, m'mawa mwace amayamba kulingalira za mfuti. Koma mfuti siigulidwa monga njinga kapena wailesi. Ngakhale munthu ali nazo ndalama zokwanira, wogulitsa saloledwa kumpatsa mfuti popanda cilolezo ca Boma.

Lamulo la Mfuti la dziko la Zambia linaikidwa m'caka ca 1969. Monga mwa lamuloli, wofuna mfuti ayamba kupempha kwa apolisi. Alemba dzina lace, kumene akhala, mtundu wa mfuti imene afuna, ndi cifukwa cace coifunira. Pamenepo apolisi afufuza mbiri yace, nadinda zala zace, kuti aone ngati anapalamulapo mlandu. Aonanso ngati wakwanitsa zaka 21, ngati mutu wace uli bwino, ngati sali woledzera, ndiponso ngati adziwa kugwira mfuti. Mkulu wa apolisi akakhutira apereka cikalata ca cibvomerezo, ndipo a Khonsolo ya Lusaka apereka laisensi ya zaka 3. Nambala ya mfutiyo ilembedwa m'kaundula wa apolisi pamodzi ndi dzina la mwini wace.

Ena adandaula kuti njira imeneyi icedwa, pamene akuba sacedwa. Dandaulo lao limveka, koma cifukwa ca kufufuzako ncacikulu. Mu Kanyama nyumba ziri zothithikana; mabanja ambiri akhala pa bwalo limodzi, ndipo ana alowa m'nyumba iriyonse. Mkangano wa ngongole kapena wa ku mowa, umene ukadatha ndi mau okha, utha ndi maliro ngati munthu waukali ali ndi mfuti pafupi. Cipolopolo sicisankha mbala. Cipyoza citseko, nicipha mwana wa mnansi. Ncifukwa cace lamulo lifunanso kuti mwini mfuti aisunge pobisika ndi pokhoma.

Ziriponso mfuti za m'seri. Zina mwa izo zinalowa m'dziko muno pa nthawi ya nkhondo za maiko oyandikana, monga ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndi ya ku Angola imene inatha mu 2002. Wogula mfuti yotere ali ndi mlandu waukulu, ngakhale sanaiombepo nkamodzi komwe, ndiponso sadziwa mwazi umene mfutiyo inakhetsa kale. Apolisi akaipeza m'nyumba mwace, woyankha mlanduwo ndiye yekha, ndipo sitolo imene anafuna kuicinjiriza itsala yopanda mwini.