Perefyumu woyeza wafala, ena akulira naye maso ku Kabanana

Nyengo ya maukwati ndi ma kitchen party yafikanso mu Lusaka, ndipo malonda a perefyumu woyeza m'timabotolo atentha. Timabotolo topanda dzina tili pa tuntemba, m'masaluni ndi m'zikwama za atsikana otsatsa pa WhatsApp. Wa makwacha ochepa naye tsopano akununkhira ngati wa ku Kabulonga. Koma ku Kabanana kuli mayi wina wosoka zovala amene nyengo imeneyi amaiwopa, ngakhale ndiyo imamubweretsera ndalama.

Shopu yake ndi kachipinda ka malata kokhala ndi zenera limodzi. Masana a Okutobala mumatentha moti munthu sakhalitsamo. Amayi akalowa atatu kudzayesa madiresi a chitenge, aliyense ndi fungo lake, mayiyu amayamba kuyetsemula asanamalize kuyeza chiuno cha woyamba. Kenako maso amafiira, misozi ili chuchuchu, mphuno n'kutseka. Ulusi saupenyanso bwino pa singano. Makasitomala ena amabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndi matenda a maso opatsirana, ena amamufunsa mwachifundo ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Anasamutsa makina n'kuwaika pakhonde, pomwe fumbi la mumsewu limadetsa nsalu koma mphepo imapita. Chovala chobwera kudzakonzedwa amayamba wachiyanika pachingwe mpaka madzulo, chifukwa mankhwala ofewetsa zovala nawonso amamupweteka. Mu minibasi yopita ku tauni amadikira mpando wa pazenera, ngakhale kondakita akalipe. Akafika kunyumba amasukusula ndi madzi ozizira, n'kutsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa oziziritsa, othira supuni yaing'ono ya mchere pa theka la lita.

Mkangano uli pabanja pomwepo. Mlamu wake, mchemwali wa amuna ake, ndi mmodzi wa ogulitsa perefyumu woyeza, ndipo sakuvomereza kuti katundu wake ndiye wolakwa. Iye akuti alamu akewo akuvutika ndi fumbi komanso utsi wa mbaula, monga aliyense m'komboni nyengo ino. Anansi agawikana. Ena akuti vuto ndi perefyumu wotchipa, ndipo wa m'masitolo akuluakulu sangamuchite zimenezi.

Pamenepa anansiwo akuphonya. Mankhwala onunkhira monga limonene ndi linalool amapezeka mu perefyumu wodula ndi wotchipa yemwe, mu sopo, ndi m'zopopera m'nyumba. Akakhalitsa pa mpweya amasintha n'kuyamba kuvuta thupi kwambiri, ndipo kutentha ndi kuwala zimafulumiza kusinthako. Botolo lotsegulidwatsegulidwa, lokhala padzuwa tsiku lonse pa kantemba, lili pangozi imeneyi kuposa losungidwa m'bokosi. Kusiyana kwina ndi kwakuti kabotolo koyeza sikanena zimene zili mkati. Ku Ulaya lamulo la mu 2003 linalamula opanga kulemba pa botolo mankhwala onunkhira 26 odziwika kuti amayambitsa ziwengo, ndipo mu 2023 mndandandawo unakula kufika pafupifupi 80. Wogula ku Kabanana amangodalira mphuno yake ndi mawu a wogulitsa.

Komabe mlamu uja sakunama kotheratu. Mphuno yomwe yatupa kale ndi fumbi ndi utsi sichedwa kukwiya ikamva fungo lamphamvu. Ndipo kwa anthu ambiri otere si ziwengo zenizeni: fungo limangodzutsa mitsempha ya m'mphuno ndi m'maso, thupi n'kutulutsa madzi kuti lidziteteze. N'chifukwa chake mapiritsi a ziwengo, amene ambiri amangowatcha Piriton, sanamuthandize kwenikweni mayiyu. Ankangomuodzeretsa ali pa makina.

Pali mankhwala awiri amene anthu amathamangira osafunsa dokotala. Opopera otsegula mphuno akagwiritsidwa ntchito kupitirira sabata amachititsa mphuno kutseka kuposa kale. Odontheza m'maso okhala ndi steroid amachotsa kufiira msanga, koma akapitirizidwa akhoza kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuliwononga. Amene fungo limamubanikitsa pachifuwa kapena kumuliritsa makwiyo popuma apite kuchipatala, chifukwa ikhoza kukhala mphumu.

Chovuta kwambiri kwa mayiyu ndi kulankhula. Kuuza kasitomala wamkulu kuti mawa abwere osadzola n'chimodzimodzi ndi kumuuza kuti akununkha, ndipo ntchito ikhoza kupita kwa telala wina. Choncho amanamizira chimfine. Kutchalitchi anasiya kwaya chifukwa Lamlungu aliyense amafika atadzithira, ndipo tsopano amakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi amayi a makanda. Mlamu wake akugulitsabe, koma akabwera kudzacheza chikwama cha timabotolo amachisiya panja.