Chithunzi cha Nyanja ndi Umboni Woona

Ojambula zithunzi akale ankavutika nayo nyanja. Makamera ao sankatha kutenga kuwala kwa kumwamba ndi kuda kwa madzi nthawi imodzi: mafunde akaoneka bwino, thambo linkangoyera mbee! Cha mu 1857 Mfalansa wina, Gustave Le Gray, anajambula nyanja ya ku Sète pa magalasi awiri, lina la mitambo, lina la mafunde, nawaphatikiza pa pepala limodzi.

Lero ana athu akuchita zomwezo pa foni, kapena pa kompyuta ndi Photoshop, imene inatuluka mu 1990. Chithunzi chotuwa amachiwongola kuti malire a madzi ndi thambo asapendekeke. Kenaka amadetsa mithunzi, nawalitsa thovu la mafunde, nachepetsa mitundu kuti itsale iwiri kapena itatu. Pamenepo chimakopa maso, nkuyenera ngakhale pachikuto cha buku.

Luso limeneli sitikulitsutsa ai. Koma chithunzi ndi mboni, ndipo lamulo lachisanu ndi chinai limaletsa umboni wonama. Makolo ndi achinyamata, tikakometsa chithunzi tizinena poyera kuti tachikometsa, kuti mnzathu asayese kuti nyanja inalidi chotero.